Inshulansi ya shopu ya matabwa ndi zowotcherera: muyambire pati ndalama zikakhala zoperewera?

Mmisiri wina wa ku Kasungu wafunsa motere: "Ndili ndi shopu ya ukalipentala ndi kuwotcherera kufupi ndi msewu wa M1 pa tauni ya Kasungu. Nyumbayo ndi ya lendi. Ndili ndi anyamata atatu olembedwa ntchito ndi mmodzi wophunzira. Muli makina opalira matabwa, sowo yamagetsi, makina awiri owotcherera, kompuresa ndi magalayinda. Mwezi watha shopu ya mnzanga inapsa usiku, ndipo makasitomala akumusowetsa mtendere kufuna katundu wawo. Ndikufuna inshulansi, koma ndalama ndi zochepa, komanso anthu amati makampani a inshulansi salipira. Ndiyambire pati?"

Bambo, tiyambe ndi zoti salipirazo, chifukwa ngati chikayiko chimenechi chili mumtima, zina zonse muziwerenga ndi diso limodzi. Makampani a inshulansi amalipira, koma amalipira zomwe zalembedwa pa pepala la mgwirizano, lija amalitcha polise. Zomwe inu munkaganiza kuti mwagula, kapena zomwe ejenti anakuuzani pakamwa muli chiimire pakhonde la shopu, alibe nazo ntchito. Amisiri amene amabwerako chimanjamanja nthawi zambiri amakhala kuti anagula inshulansi ya moto pomwe chawagwera ndi akuba, kapena analembetsa katundu pa mitengo ya zaka zitatu zapitazo, kapenanso sanaulule kuti m'shopu ya matabwa momwemo amawotchereramo zitsulo. Komanso inshulansi ya shopu si chinthu chimodzi. Ili m'mitolo ingapo, uliwonse ndi mtengo wake, ndipo muli ndi ufulu wosankha mtolo woyamba nawo.

Inu mwabwera chifukwa cha moto, koma ine ndikanakonda kuti kwacha yoyamba ipite pa anyamata anuwo. Makina akapsa mwataya zomwe munali nazo basi. Mutha kubwereka makina owotcherera kwa mnzanu n'kuyambiranso pansi pa mtengo wa mango. Munthu akavulala mumataya ndi zomwe mulibe, chifukwa nkhaniyo imasanduka ngongole.

Lamulo la Workers' Compensation Act la chaka cha 2000 limati wantchito akavulala kapena kumwalira pa ngozi yobwera chifukwa cha ntchito yake, wolemba ntchito ndiye alipire chipukuta misozi. Sipafunika kuti inu mukhale mutalakwitsa kanthu, ndipo kupatula pa nkhani zonga kudzivulaza dala, mawu oti "ndinamuuza kuti asamale" sakupulumutsani. Kawerengedwe kake kamatsamira pa malipiro a pamwezi. Akamwalira, abale omwe ankadalira iye amalandira malipiro ake a miyezi 42. Akalumala moti sangagwirenso ntchito, ndi miyezi 54. Akalumala chiwalo china, monga kuduka zala, dokotala amayeza kuti ulumaliwo ndi maperesenti angati, ndipo munthuyo amalandira gawo limenelo la miyezi 54 ija. Tiyerekeze kuti mumamulipira K150,000 pamwezi. Imfa ndi K6,300,000. Kulumala kotheratu ndi K8,100,000. Dokotala akalemba 30 peresenti, ndi K2,430,000, osawerengera za kuchipatala ndi masiku omwe wakhala pakhomo bala likupola. Shopu ya anthu anayi ndalama zotere siisunga m'bokosi. Wophunzira ntchito uja musamuchotsepo poganiza kuti salandira malipiro enieni: lamuloli limamuwerengera, ndipo iyeyo ndiye amene dzanja lake limayandikira mpeni wa makina opalira kuposa onse.

Mtengo wa inshulansi imeneyi amauwerengera pa malipiro a antchito onse a chaka chathunthu ndi mtundu wa ntchito yawo. Apa pali msampha umene amisiri a matabwa amagwamo kawirikawiri. Kalipentala wa sowo yamanja ndi kalipentala wa makina amagetsi sawaika pa mtengo umodzi, ndipo mapolise ambiri ali ndi ndime yochotsa ngozi za makina ochekera ndi opalira matabwa ngati simunawatchule. Ejenti wofuna kuti mtengo uoneke wotsika amangolemba kuti "akalipentala atatu". Inu muumirire kuti alembe kuti amagwiritsa ntchito makina amagetsi, amawotcherera, amakwera pa denga pokhoma malata, ndiponso amakagwira ntchito kunja kwa shopu. Mulipira zochulukirapo pang'ono, koma pepalalo lidzagwira ntchito tsiku lomwe chala chidzatsalire pa tebulo la sowo.

Funsaninso ngati polise ikuphatikiza milandu ya kukhothi, yomwe amaitcha common law. Wovulala atha kusakhutira ndi kawerengedwe ka miyezi kaja, n'kupeza loya, n'kukusumirani kuti munanyalanyaza chitetezo: sowo inalibe chotchinga, galayinda inalibe chivindikiro, simunamupatse magalasi a m'maso. Kumeneko khothi silitsata za miyezi 54, ndipo ndalama imatha kukwera kwambiri, kuphatikizapo zolipira maloya. Chokutetezani china n'chotsika mtengo: kope lomwe mnyamata aliyense amasaina akalandira magalasi, magolovesi, chigoba chowotcherera ndi nsapato, deti lake lili pomwepo. Ngozi ikachitika, mukathamangira naye kuchipatala, kanenani ku ofesi ya za ntchito ya boma la Kasungu ndi ku kampani ya inshulansi tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Musagwirizane ndi abale ake zongomalizirana pakhomo ndi kandalama ka m'manja. Kampani ikamva kuti munavomera kale mlandu osaiuza, imatha kukana kulowererapo, ndipo abalewo atha kubweranso chaka chamawa. Za aganyu, amene mumawaitana oda ikachuluka, auzeni a inshulansi kuti alipo ndipo pachaka amatenga ndalama zingati. Munthu amene wakhala akubwera tsiku ndi tsiku kwa miyezi inayi, kumutcha waganyu sikutanthauza kuti a ofesi ya za ntchito amuona choncho.

Inuyo eni shopu simuli m'gulu limeneli, poti simunalembedwe ntchito ndi munthu. Yanu ndi ina, ya ngozi za pathupi, yomwe amati personal accident. Imalipira ndalama yomwe munagwirizana mukamwalira kapena kulumala pa ngozi, ndipo ina imapereka kangachepe sabata ndi sabata pamene muli chigonere. Malungo ndi shuga mulibemo; zimenezo ndi za mabungwe a zachipatala monga MASM. Nkhani ya penshoni ndi ina payokha, koma idziweni: lamulo la penshoni limaika 10 peresenti pa wolemba ntchito ndi 5 peresenti pa wantchito, komanso limafuna inshulansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Mukapita ku ofesi ya za ntchito, funsani momwe likukhudzira shopu ya kukula ngati yanu.

Tsopano moto. Nyumbayo si yanu, choncho makoma ndi denga ndi za eni nyumba. Inu zanu ndi makina, zipangizo, matabwa, zitsulo, katundu womaliza ndi zomwe munawonjezera nokha monga mawaya a magetsi ndi kashedi ka kutsogolo. Komabe musaganize kuti nyumbayo sikukukhudzani. Ikapsa ndi moto woyambira pa ntchito yanu, eni ake adzafuna kuti muimange, ndipo ngati anali ndi inshulansi yawo, kampani yawoyo ikawalipira ili ndi ufulu wotembenukira kwa amene anayambitsa motowo. Pemphani kuti polise yanu ikhale ndi gawo la udindo wa wochita lendi, pa ndalama yokwana kumanganso nyumbayo.

Pa fomu yofunsira inshulansi pali mafunso ooneka ngati achibwana: makoma ndi a chiyani, denga ndi la chiyani, oyandikana nanu amachita chiyani, munapsapo kale. Yankhani zoona zokhazokha. Ngati kutsogolo ndi kwa njerwa zootcha koma kuseri, komwe kuli matabwa, n'kwa zigwagwa ndi malata akale, nenani choncho. Ngati mumasunga thina, vanishi ndi penti, tchulani kuchuluka kwake. Ngati muli ndi mabotolo a gasi wodulira zitsulo, atchuleni. Shopu yosakaniza utuchi ndi moto wa kuwotcherera ndi imodzi mwa zomwe a inshulansi amaziopa kwambiri, ndiye chiyeso chobisa mbali imodzi chimakhala chachikulu. Koma woyeza zoonongeka akabwera n'kupeza makina owotcherera m'phulusa pomwe fomu ikuti "shopu ya mipando", kampani ili ndi ufulu wothetsa mgwirizano wonse ngati kuti sunakhalepo. Fomuyo musasaine isanadzazidwe, ndipo sungani kope lake.

Pamene pamagwera anthu ambiri oona mtima ndi pa mtengo wa katundu. M'polise ya moto muli ndime yotchedwa average. Tanthauzo lake n'lakuti mukalembetsa theka la mtengo weniweni wa katundu wanu, kampani imakuonani ngati theka linalo mwalisenza nokha, ndipo pa chilichonse choonongeka imalipira theka. Tiyerekeze kuti zonse za m'shopu ndi za K24,000,000 pa mitengo ya lero, koma inu munalembetsa K12,000,000 kuti mulipire zochepa. Moto wawononga za K8,000,000. Mumtima mukuti, poti 8 ndi yochepa kuposa 12, andipatsa yonse. Ayi. Akupatsani K4,000,000, ndipo pamenepo achotsaponso excess, ndalama yoyambirira yomwe pa ngozi iliyonse mumasenza nokha. Ambiri salembetsa zochepa mwadala. Kwacha ndiyo imawathawa. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Makina anu onse ndi ochokera kunja. Amene analembetsa makina opalira mu 2021 n'kumangowonjezera chaka pa mtengo womwewo, lero akulipirira inshulansi ya chidutswa cha makinawo.

Ndiye khalani pansi Loweruka lina masana ndi hadikava. Makina aliwonse alembeni dzina, nambala yomwe ili pa kachitsulo kokhomedwa pa mota, chaka chomwe munagula, ndi mtengo wogulira ena onga amenewo lero. Mtengowo musaulote, funsani m'masitolo a zipangizo ku Lilongwe, akupatseni kotesheni yolembedwa, ndipo muwonjezerepo thiransipoti yofikitsa ku Kasungu ndi ya wamagetsi wodzalumikiza. Jambulani chilichonse, pamodzi ndi malisiti, n'kudzitumizira pa WhatsApp kapena imelo. Hadikava ndi malisiti azigona kunyumba. Zikakhala mu dilowa ya m'shopu zidzapsera limodzi ndi katundu yemwe zimayenera kuchitira umboni. Kenako funsani funso ili: mudzandilipira pa mtengo wa makina atsopano kapena mudzachotsa za kutha kwake? Polise wamba imachotsa, moti makina a zaka zisanu ndi zitatu amabwera ndi ndalama yosagula ena. Ya mtundu wa reinstatement imalipira mtengo wa atsopano, bola munalembetsa pa mtengo wa atsopanowo ndipo mwagulanso zoona. Pa makina akuluakulu ndi imeneyi yoyenera.

Vuto la mnzanu uja ndi la katundu wa eni. Bedi lomwe kasitomala walipira theka, ngolo yomwe mlimi wa ku Chamama wasiya kuti muiwotcherere, sofa yobwera kudzasinthidwa nsalu: polise ikangoti "katundu wa shopu", izi mulibemo. Pamafunika mzere wakewake wonena za katundu wa makasitomala yemwe ali m'manja mwanu, ndi ndalama yake. Powerengera musatenge mwezi wa Febuluwale pomwe shopu ili mbee. Tengani nthawi yomwe msika wa fodya watsegulidwa pa Chinkhoma, kuyambira cha mu Epulo, pamene alimi akuoda mageti, mafelemu, ngolo ndi mipando nthawi imodzi, ndipo inu mwadzaza shedi ndi matabwa a paini ndi mapaipi. Ndime ya average ija imayang'ana zomwe zinalipo tsiku la moto. Kope la maoda, losonyeza dzina, chinthu, mtengo ndi zomwe munthu walipira kale, ndilo lidzathetse mkangano pakati pa inu, kasitomala ndi woyeza.

Polise ya moto yopanda zowonjezera imateteza ku moto ndi mphezi, ndi kuphulika kwa mitundu ina yokha. Mphepo yosasula denga mvula yoyamba ikamagwa, madzi osefukira, galimoto yosiya msewu n'kulowa m'shopu, zipolowe ndi kuononga kwadala, zonsezi zimabwera mukazipempha, ngakhale makampani ambiri amazigulitsira pamodzi. Kwa inu amene muli m'mbali mwa M1, ziwiri zomalizazi si nthano. Koma onani bwino: zipolowe za ndale, monga zija zinatsatira chisankho cha 2019 pomwe masitolo ena anathyoledwa, mapolise ambiri amazichotsa, ndipo zimagulidwa padera. Onaninso za katundu wapanja. Mabedi ndi mipando yomwe mumandandalika kutsogolo kuti odutsa aziona, mvula ya mphepo ikaiwononga ili pabwalo, nthawi zambiri salipira.

Magetsi ali ndi ndime yawoyawo. Mota ikapsa yokha chifukwa cha shoti kapena kulemedwa, polise ya moto siilipira motayo. Imalipira zina zomwe motowo wafalikirako. Ndipo mota za mawaya atatu zimapsa mosavuta: magetsi akabwera waya mmodzi alibe mphamvu, mota imangong'ung'udza osazungulira bwino, n'kutentha mpaka mawaya a m'kati kununkha. Ilipo inshulansi ya kuonongeka kwa makina, koma siilipira kutha kwa mabelingi, malamba ndi mipeni, ndipo excess yake imadya gawo lalikulu la mtengo wokulunganso mota. Pa shopu ngati yanu ndingati isiyeni kaye. Ndalamayo gulirani phase failure relay ndi overload relay, tizipangizo tozimitsa mota magetsi akasokonekera kapena ikalemedwa, pa makina aliwonse akuluakulu, ndipo akuikireni wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA (bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta), amene pepala lake lidzakuthandizaninso woyeza akadzafunsa kuti mawaya anakoka ndani.

Kumapeto kwa polise kumakhala malonjezo omwe inu mukupanga, ndipo ambiri sawerenga mpaka kumeneko. Mukaphwanya limodzi, kampani imapeza pokanira. Omwe amakonda kulembedwa pa shopu zotere ndi awa: utuchi ndi zopalapala zisesedwe ndi kutulutsidwa tsiku lililonse poweruka, pakhale zozimitsira moto zokwana nambala yakuti, zoyezedwa nthawi yake ndi kumatidwa chizindikiro cha deti, thina ndi penti zikhale m'kabati yachitsulo kapena chipinda china, pamalo owotcherera pasakhale zoyaka pa mtunda womwe atchula, kawirikawiri mamita khumi kapena kuposerapo. Zozimitsira za ufa, za makilogalamu 9, ndizo zoyenera poti zimagwira pa matabwa, penti ndi magetsi omwe. Madzi pa thina kapena pa waya wamoyo amangowonjezera tsoka. Zipachikeni pafupi ndi khomo, osati kuseri kwa mulu wa matabwa. Moto wa m'shopu zotere umakonda usiku pa chifukwa chodziwika: kanthethe ka galayinda kamagwera mu utuchi cha m'ma 4 koloko, n'kumanyeka pansipansi popanda lawi, ndipo kamadzuka anthu atagona. Lekani kuwotcherera ndi kugaya chitsulo ola lathunthu musanatseke, ndipo wotseka azizungulira akununkhiza. Nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed zisaunjikidwe pakona, zimatha kudziyatsa zokha. Ziyanikeni panja kapena ziponyeni m'chitini cha madzi. Ngati n'kotheka, khoma la njerwa lofika kudenga pakati pa mbali ya matabwa ndi ya zitsulo limasintha ngakhale mtengo womwe akuuzeni.

Ya akuba ndi polise ina, ndipo liwu lofunika m'menemo ndi kuthyola. Pafunika chizindikiro choti munthu analowa kapena kutuluka mwa mphamvu: loko wodulidwa, chitseko chotemedwa, lata lokanganulidwa, khoma lobooledwa. Galayinda yosowa masana shopu ili yotsegula salipira. Zobedwa ndi kiyi salipira. Zotengedwa ndi wantchito wanu salipira, pokhapokha mutagula polise ina ya kusakhulupirika kwa antchito. Akalemba kuti pakhale mlonda usiku wonse, ndiye kuti usiku womwe mlonda wapita kumaliro osasiya wina, mulibe inshulansi. Ngati simungakwanitse, kanani ndimeyo pogula pomwepo, mukambirane za zitsulo za m'mawindo ndi maloko m'malo mwake. Pofuna kuchepetsa mtengo, funsani za first loss. Wakuba sanyamula makina opalira olemera ngati ng'ombe. Amatenga magalayinda, madrilo, makina owotcherera ang'onoang'ono aja onyamula ndi dzanja limodzi, ndi mawaya a kopa. Mumauza kampani mtengo wa katundu yense, koma n'kugula chitetezo cha gawo lomwe lingatuluke usiku umodzi. Muonetsetse kuti kukonza chitseko ndi denga lomwe athyola kulimo. Zipangizo zomwe anyamata amapita nazo kukagwira ntchito ku Santhe kapena ku Mtunthama zikatuluka pa geti sizikhalanso pansi pa polise imeneyi. Zimafuna ya all risks, yomwe imalemba chipangizo chilichonse ndi nambala yake. Za ndalama za m'dilowa sindingakutayitseni nthawi: makasitomala azilipira pa Mpamba, Airtel Money kapena ku banki.

Pali mtolo wina womwe mtengo wake sukhala waukulu koma umagwira ntchito yolemera, wa udindo wanu kwa anthu ena, public liability. Disiki ya galayinda yasweka, chidutswa chakamenya mwana wodutsa. Mwapita kukawotcherera ngolo pa esiteti, nthethe zagwera pa chigafa cha udzu chodzaza fodya wouma. Geti lomwe munaika chaka chatha lazuka n'kugwera munthu. Choyamba chimalowa mu polise wamba. Chachiwiri chimalowa pokhapokha munapempha kuti ikhudze ntchito za kunja kwa shopu, ndi kunena kuti ntchitozo ndi za moto. Chachitatu chimafuna gawo la zinthu zomwe munapanga n'kupereka. Pa zonsezi kampani imalipira munthu wovulala ndi katundu wake, koma siilipira kukonzanso ntchito yanu yolakwika. Geti lenilenilo mudzaliwotcherera ndi ndalama za m'thumba. Masukulu, mipingo ndi mabungwe ena akamapereka ntchito zikuluzikulu amafunsa pepala limeneli, ndiye limatsegulanso makomo.

Ngati muli ndi kagalimoto kapena njinga yamoto yoperekera katundu, lamulo la Road Traffic Act limakakamiza inshulansi ya third party. Imeneyo ndi ya anthu ena omwe mungawagunde. Kabati yomwe yagwa pa bampu siikhudzidwa, ndipo galimoto yolembetsedwa ngati yoyendera banja koma ikunyamula mafelemu a makasitomala imabweretsa mkangano pa ngozi. Iliponso inshulansi yolipira phindu lomwe mwataya miyezi yomwe shopu yaima itapsa. Ndi yabwino, koma imadalira mabuku a ndalama osungidwa bwino. Ngati mulibe, simudzatha kutsimikiza phindulo, ndiye kuli bwino kusunga ndalama ya lendi ndi malipiro a miyezi iwiri ku SACCO kapena ku banki m'khonde.

Ndalama zikakhala zoperewera, dongosolo langa ndi ili: antchito poyamba, kenako moto ndi zowonjezera zake pa mtengo woona pamodzi ndi katundu wa makasitomala, kenako udindo kwa anthu ena, akuba pambuyo. Ndaika akuba kumapeto chifukwa loko wabwino, zitsulo ndi mlonda zimachepetsa vutolo, ndipo kuberedwa magalayinda kumapweteka koma sikutseka shopu. Njira yoyenera yotsitsira mtengo ndi kuvomera excess yokulirapo, ndalama yomwe mukudziwa kuti mutha kuipeza sabata imodzi. Kuchepetsa mtengo wa katundu si njira, mwaona kale chifukwa chake.

Pogula, tengani makotesheni atatu pa mndandanda umodzi womwewo wa katundu. Makampani a inshulansi ya katundu alipo angapo, monga NICO General, General Alliance, Britam, Reunion, Prime, United General Insurance ndi CIC. Mutha kupita nokha, kudzera kwa ejenti, yemwe amaimira kampani, kapena kwa broker, yemwe amayenera kuimira inu ndipo amalandira komishoni yake ku kampani. Onsewa amayenera kukhala ndi chilolezo cha Registrar of Financial Institutions, yemwe ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Kupempha kuona chilolezocho si mwano. Safunsa anadya phula. Poyerekeza makotesheni musayang'ane nambala yapansi yokha. Yerekezaninso excess ya aliyense, zomwe wachotsa, ndi malonjezo omwe akufuna kwa inu. Ndalama ipite ku akaunti ya kampani, osati pa nambala ya foni ya munthu, ndipo mulandire lisiti la kampani ndi polise yonse, osati tsamba loyamba lokha. Ngati mwagwirizana zolipira pang'onopang'ono, zilembedwe, ndipo musaphonye deti: ngozi ikagwa muli ndi ngongole ya premium, ndalama yolipirira inshulansiyo, ambiri amakana. Ngati makina ena munagula ndi ngongole ya banki, yang'anani mapepala ake. Mwina alipo kale pa inshulansi yomwe mukulipira osadziwa, ndipo chinthu chimodzi sichilipidwa kawiri.

Tsoka likagwa, imbirani kampani kapena broker tsiku lomwelo, n'kutsatiza uthenga wolembedwa kuti pakhale umboni wa deti. Kanenani kupolisi ndipo mutenge lipoti. Pa moto ndi pa kuba adzalifuna. Jambulani zonse musanasunthe kanthu, makamaka loko wodulidwa ndi pomwe moto ukuoneka kuti unayambira. Tetezani zotsala kuti mvula kapena akuba asamalize, koma musataye kapena kugulitsa zitsulo zopsazo kwa ogula zitsulo zakale woyeza asanabwere, chifukwa mafupa a makinawo ndiwo umboni woti analipo, ndipo kampani ikalipira amakhala ake. Mndandanda wa zoonongeka ndi makotesheni ake uperekedwe m'masiku omwe polise yatchula. Ambiri amaika 30. Musawonjezere kanthu. Drilo imodzi yomwe kunalibe ikagwidwa, imagwetsa pempho lonse pamodzi ndi zoona zomwe. Akakupatsani fomu yovomera ndalama, werengani kawerengedwe kake mzere ndi mzere musanasaine, poti mukasaina nkhani yatha. Akakana, akane polemba ndi kutchula ndime yomwe aimapo. Mukaona kuti sizikumveka, dandaulani polemba kwa akuluakulu a kampaniyo, ndipo zikakanika pitani nazo ku ofesi ya Registrar ku Reserve Bank, yomwe imalandira madandaulo a makasitomala a makampani a inshulansi. Akakulipirani, kumbukirani kuti ndalama yomwe munalembetsa yatsika ndi zomwe alipirazo. Pemphani kuti aibwezeretse pamene mukugula makina atsopano.

Polise imayenda miyezi 12, ndipo deti lomwe mwayambira ndilo lidzakhale lolipira chaka chilichonse. Mukayamba mu Januwale, muzidzakumana nayo pamodzi ndi fizi, feteleza wobereketsa ndi shopu yopanda maoda, ndipo chaka china mudzailumpha. Musadikire kuti nyengo isinthe musanagule; gulani panopa, koma pemphani kuti polise yoyambayi ithere mu Meyi kapena Juni, ngakhale ikhale ya miyezi yocheperapo kapena yochulukirapo. Nthawi imeneyo ndalama ya fodya imakhala ikuyenda m'tauni, ndipo shedi imakhala yodzaza, moti mitengo yomwe mudzalembe mu hadikava ija idzakhala ya shopu ili pachimake.